Za inshuwalansi musanapange opaleshoni yochepetsa thupi

Achemwali, musanakonze tsiku la opaleshoni yochepetsa thupiyo imbirani kaye a inshuwalansi akutumizireni zofuna zawo zonse zolembedwa, osati zongokuuzani pafoni ayi, ndipo funsani ngati pulani yanuyo imalipira opaleshoni imeneyi chifukwa mapulani ena saiikamo n'komwe.

A inshuwalansi ambiri amafuna BMI (muyeso wa kulemera kwa thupi poyerekeza ndi msinkhu) ya 40 kupita m'mwamba, kapena 35 ngati muli ndi shuga, BP kapena vuto lobanika kutulo. Koma pomwe anthu amagwera kwambiri ndi pa pulogalamu ya kadyedwe yoyang'aniridwa ndi dokotala, kawirikawiri miyezi 3 mpaka 6, mwezi uliwonse kukwera sikelo dokotala n'kulemba, mnzanga wina anangodumpha mwezi umodzi basi anamuyambitsanso poyambirira, zinamuwawa koopsa. Nde sungani kope la pepala lililonse. Amafunanso muonane ndi katswiri wa zamaganizo, ndipo ngati mumasuta fodya siyiranitu panopa, ena amayeza.

Akakukanani musagwe ulesi, pali apilu, dokotala wanu alembe kalata yofotokoza. Zoti sleeve kapena bypass (mitundu ya opaleshoniyi), komanso mankhwala omwe mukumwa, zimenezo kambiranani ndi dokotala wa opaleshoniyo.