Positi ofesi yakale ikatsekedwa, nyumba yake igwire ntchito yanji?

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo yofotokoza kuti positi ofesi yakale ya m'tauni yawo yaing'ono inatsekedwa, ndipo akufunsa ngati kuli koyenera kuiteteza kuti isagwetsedwe, komanso ntchito imene ingapatsidwe. Yankho langa ndi lakuti muiteteze, koma muyambe mwamvetsa chifukwa chake inamangidwa momwe ilili.

Sitampa yoyamba yomata inatuluka ku Britain mu 1840 potsatira maganizo a Rowland Hill, amene anakonzanso kayendetsedwe ka positi m'dzikomo, ndipo mtengo wotumizira kalata utatsika, makalata anachuluka kwambiri. Mu 1874 mayiko anagwirizana mumzinda wa Bern ku Switzerland kuti makalata aziwoloka malire mosavuta. N'chifukwa chake ngakhale tauni yaing'ono inkapatsidwa nyumba yolimba pakatikati pake, yomwe kawirikawiri inalinso malo otumizira telegalamu ndi kusungitsa ndalama.

Mukalowamo mupeza kuti nyumba zambiri zotere zinagawidwa pawiri. Kutsogolo kuli holo ya anthu onse, yokhala ndi kauntala ndi mabokosi a makalata, pamene kumbuyo kuli chipinda chachikulu chosankhiramo makalata, cha mawindo aakulu ndi khomo lotsitsirapo matumba. Chipinda chimenechi, popeza chilibe makoma ambiri m'kati, chimasanduka laibulale kapena malo a misonkhano popanda kugumula zambiri, ndipo ndi chimene chingabweretse ndalama za lenti zokonzetsera denga.

Holo yakutsogolo ndiyo ndikupemphani kuti musaitsekere anthu. Ku United States, pakati pa 1934 ndi 1943, boma linalemba akatswiri ntchito yojambula zithunzi pamakoma a mapositi ofesi, omwe ambiri anali a m'matauni aang'ono, n'cholinga chakuti aliyense wodzagula sitampa aziziona. Nyumba yotere ikagulidwa n'kukhala maofesi okiyidwa, makoma amapulumuka ndithu, koma cholinga chija chimafa.

Anthu amakonda kutchula nyumba ziwiri zomwe kale zinali za positi ofesi: Fullerton ya ku Singapore, yomwe inakhala hotela mu 2001, ndi Moynihan Train Hall ya ku New York, yomwe inatsegulidwa mu 2021 ngati malo odikirira sitima. Zitsanzozi n'zokopa, koma tauni yaing'ono ilibe alendo kapena ndalama zoterozo, choncho musayembekezere munthu mmodzi wachuma. Laibulale mbali ina ndi obwereka zipinda mbali ina ndiye njira imene ndikuona kuti ingakhalitse.

Musanapite kukhonsolo, fufuzani mwini wake weniweni wa nyumbayo, chaka chimene inamangidwa, ndiponso ngati ili pamndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi lamulo. Pezaninso katswiri woti aone denga, chinyontho ndi mawaya a magetsi, chifukwa nyumba yopanda anthu imawonongeka msanga madzi akayamba kulowa. Amene anagwirapo ntchito pamenepo muwafunse akadali ndi moyo, popeza iwo ndi amene amadziwa makoma amene anawonjezedwa pambuyo pake, omwe angachotsedwe popanda kuwononga nyumba yoyambirira.