Kodi opulumutsa anthu panyanja ku South Africa ndi a boma?

FUNSO: Akonzi, ine ndimagwira ntchito ku Hout Bay mumzinda wa Cape Town. Tsiku lina ndinaona anthu akuthamangitsa boti pakati pa mafunde kukavuula mnyamata amene ankamira, ndipo anzanga anandiuza kuti anthuwo salipidwa. Kodi zimenezi ndi zoona? Nanga gulu lawolo linayamba bwanji? Ndine wowerenga wanu wa ku Cape Town.

YANKHO: Anzanuwo sanakunamizeni, bambo. Anthu amene munawaonawo ndi a bungwe la National Sea Rescue Institute, lomwe ambiri amangoti NSRI. Bungweli si nthambi ya boma, limadalira kwambiri thandizo la makampani ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo okwera mabotiwo ndi anthu ongodzipereka, amene akaitanidwa amasiya ntchito zawo, mwinanso tulo pakati pa usiku, n'kuthamangira kunyanja. Munthu wopulumutsidwa samulipiritsa kanthu.

Chiyambi chake ndi maliro. M'chaka cha 1966 asodzi 17 anamira pafupi ndi tauni ya Stilbaai, ku gombe la kumwera kwa South Africa, maboti awo atakumana ndi namondwe, ndipo panalibe gulu lokonzeka kukawathandiza. Nkhaniyi inamukhudza kwambiri Patti Price, mphunzitsi wa ku Simon's Town, chifukwa iyenso anapulumutsidwapo panyanja ya English Channel ndi a bungwe lopulumutsa anthu panyanja la RNLI la ku Britain, lomwe Sir William Hillary analiyambitsa mu 1824. Mayiyu analibe boti kapena chuma choti n'kugulira boti. Chimene anachita ndi kulemba makalata kunyuzipepala mosalekeza, kufunsa chifukwa chimene dziko la gombe lalitali chotero linalibe opulumutsa anthu.

Amene anamumvera ndi a bungwe la oyendetsa sitima zapamadzi la Society of Master Mariners, ndipo mu 1967 ntchito inayambika ku Cape Town ndi kaboti kopopa kotalika mamita 4.7 kotchedwa Snoopy. Bob Deacon ndi Ray Lant ndiwo anali oyamba kudzipereka. Ndimaona kuti kuchepa kwa kabotiko n'kumene kumasonyeza bwino mtima wa anthuwa, poti aliyense amene anaonapo mafunde a ku Cape sangalakelake kulowamo ndi chinthu chotalika ngati galimoto wamba.

Lero odziperekawo aposa 1,000, ndipo malo awo ali m'gombe lonse komanso pa madamu akumtunda monga Vaal ndi Hartbeespoort. Kuyambira mu 2017 anayambanso kupachika zoyandamitsa zapinki pamitengo m'mphepete mwa nyanja, zoti munthu aliyense atenge akaona wina akumira n'kuzibwezera pamalo pake akatha. Mukadzaziona muziyang'anitsitse, chifukwa pachikwangwani chake pamalembedwa nambala yoimbira foni ndi nambala ya malowo. Ndipo ngakhale mutakhala kuti munakulira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, musalowe m'madzi a ku Hout Bay kukapulumutsa munthu opanda choyandamitsacho, pakuti ndi ozizira kwambiri moti mikono imafooka msanga, komanso ali ndi mphamvu yokokera munthu pakati pa nyanja.