Batire ya forklift ikutha mphamvu msanga ndipo pulagi ikutentha: kodi tigule ina?

FUNSO: Akonzi, ndimayang'anira forklift yamagetsi ya 48V m'nyumba yosungiramo katundu. Batire yake yatha zaka zitatu, ndipo masiku ano sikufikanso madzulo. Imafooka ikamakweza katundu wolemera, komanso pulagi yake imatentha moti munthu sangaigwire. Mnzanga wina akuti tithiremo asidi, wina akuti tingogula yatsopano. Tichite chiyani? — Bambo woyang'anira makina onyamulira katundu

YANKHO: Bambo, asidiyo musathiremo. Batire ikamatchajidwa, chimene chimachepa ndi madzi okha, chifukwa amasanduka mpweya wa hydrogen ndi oxygen, pamene asidi amatsala momwemo. Mukawonjezera wina, amadya mapuleti a mtovu ndipo muyezo umene mudzatenge pambuyo pake udzakunamizani. Zogula yatsopanozo zidikirenso kaye, pakuti mwa zonse mwatchulazi chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi pulagi yotenthayo, ndipo batire yatsopano singachiritse vuto limeneli.

Magetsi amatenthetsa pamalo pamene akudutsa movutikira, ndipo mphamvu yotayikira pamenepo ndi imene imayenera kukweza katundu wanu. Zimitsani makina, zulani pulagi ndipo muyang'ane tizitsulo ta mkati mwake: ngati tada, takumbika, kapena pulasitiki yotizungulira yayamba kusungunuka, pulagiyo yatha ntchito. Kenako gwirani nthambo chapafupi ndi pamene yalumikizana ndi batire n'kuipinda pang'ono. Nthambo yabwino imapindika mosavuta, koma imene asidi walowa mkati mwake imauma, imatupa, ndipo mukasenda chikutiro chake mumapeza kopa atasanduka ufa wobiriwira ngakhale kunja kukuoneka bwinobwino. Kuti mutsimikize, ikani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, kumapeto onse awiri a nthambo imodzi pamene mnzanu akukweza katundu; ikaonetsa kuti pakutayika theka la volt kapena kuposerapo, nthamboyo isinthidwe.

Posintha, gulani ya kunenepa ndi kutalika kofanana ndi yakale, ndipo musalole kuti wina angoilumikiza ndi kukulunga tepi. M'mabatire ambiri nthambo imawotcheredwa pa mtovu, choncho ntchitoyi ndi ya mmisiri. Muonenso pulagi ya kutchaja, chifukwa yowonongeka imawononga yatsopano imene ikulumikizana nayo tsiku ndi tsiku.

Mukathana ndi nthambo, yezani batire yeniyeniyo. Ya 48V ili ndi maselo 24, lililonse la 2V. Itchajeni mpaka idzaze, muisiye izizire, kenako muyeze selo lililonse ndi hydrometer, kachipangizo koyezera mphamvu ya asidi, komanso multimeter, n'kulemba zonse papepala. Selo lathanzi limaonetsa pafupifupi 1.280 pa hydrometer ndi 2.12V. Ngati limodzi kapena awiri atsalira ndi 0.030 kapena kuposerapo pa hydrometer, yambani mwapatsa batire tchaji yaitali yofananitsa maselo, imene matchaja ambiri ali ndi batani lake lolembedwa equalize. Akapanda kukwera, maselo okhawo angathe kusinthidwa osataya batire yonse. Koma onse 24 akakhala otsika mofanana, kayikirani tchaja, popeza mwina ikuzima batire isanadzaze. Muyezo womaliza amachita ndi mmisiri, amene amatsitsa mphamvu ya batire pang'onopang'ono kwa maola 6. Ikapezeka kuti ikusunga zosakwana 80 peresenti ya mphamvu imene inalembedwa, pamenepo ndi pamene kugula ina kumakhala koyenera.

Batire yotere ikasamalidwa imatha kutchajidwa pafupifupi maulendo 1,500, zimene ndi zaka pafupifupi zisanu ikamatchajidwa kamodzi patsiku la ntchito. Choncho ngati yanu yafookadi m'zaka zitatu, ndi bwino kufufuza mmene ikugwiritsidwira ntchito, apo ayi yatsopanonso idzatsata njira yomweyo. Isamagwire ntchito mpaka kutheratu, koma izipita kutchaja ikatsala ndi 20 peresenti, ndipo izipatsidwa nthawi yozizira ikatha kutchajidwa. Madzi, amene ayenera kukhala madzi a batire osati apampopi, azithiridwa batire ikatha kutchajidwa, chifukwa amakwera potchaja, ndipo othiriratu amasefukira n'kutaya asidi pamwamba. Asidi wosefukirayo ndi yemweyo amene amalowa m'nthambo. Kuthira musanatchaje n'kololedwa pokhapokha mapuleti akuonekera, ndipo muthire ongokwanira kuwaphimba. Pamwamba pa batire pazitsukidwa ndi madzi osakaniza ndi soda, zivindikiro zili zotseka.

Pogwira ntchito zonsezi valani magalasi oteteza maso ndi magolovesi, ndipo muvule mphete ndi wotchi. Hydrogen amaphulika akangofika 4 peresenti mu mpweya, n'chifukwa chake potchajira payenera kudutsa mphepo, pasakhale fodya kapena moto, ndipo tchaja izizimitsidwa kaye pulagi isanazulidwe kuti pasathetheke.

Zikafika poti mugule ina, musangoyang'ana mavolt ndi kukula kwake kokha. Batire ndi imene imalemetsa forklift kuti isagwadire kutsogolo ikanyamula katundu, ndipo pa kachitsulo kolembedwa ka makinawo pali kulemera kochepetsetsa ndi kokulitsitsa kumene batire iyenera kukhala nako. Yopepuka kuposa pamenepo ndi yoopsa ngakhale itakwana bwino m'malo mwake. Poitulutsa mugwiritse ntchito chonyamulira chake chotetezedwa ku magetsi, osati tcheni chongolendewera chimene chingagwere pamwamba pa maselo, ndipo yakaleyo muibweze kwa ogulitsa kapena kwa okonzanso mtovu, chifukwa mtovu ndi asidi zikatayidwa pamtetete zimawononga nthaka ndi madzi.