Manambala a makasitomala musawagulitse, achimwene

Achimwene, mnzanu wa katapila amene akufuna kugula manambala a foni a makasitomala anuyo musamupatse, ngakhale alonjeze ndalama zingati. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024 sililola kugulitsa nambala ya munthu mwiniwake asanavomere, ndipo oyang'anira lamuloli ndi a MACRA, bungwe loona za mafoni ndi mawailesi m'Malawi.

Ine pashopu yanga yosindikiza mapepala ku Matawale, ndinkasiya zithunzi za ziphaso za anthu pakompyuta yomwe aliyense amakhalapo. Mayi wina ataona chiphaso chake pasikirini anatuluka akunjenjemera ndi mkwiyo, mpaka lero sanapondenso pakhomo panga. Zinandipweteka kwambiri. Tsopano ndikangosindikiza ndimafufuta pomwepo, kasitomala akuona.

Ngati manambala ena munapereka kale, kaonaneni ndi loya musanayankhe wodandaula aliyense.