Mphete yanu yada? Sikuti ndi yabodza ayi

Achemwali, mwafunsa ngati anakupusitsani chifukwa mphete yolembedwa 925 yayamba kuda. Mtima m'malo, kudako ndi khalidwe la siliva weniweni.

Siliva yekhayekha ndi wofewa kwambiri, mphete yake ingapindike msanga. N'chifukwa chake amisiri amasakaniza magawo 925 a siliva ndi 75 a chitsulo china, kawirikawiri mkuwa, kuti alimbe. Ameneyu ndiye sterling silver. Amada akakumana ndi salufa wa mumpweya, m'thukuta kapena m'mazira. Bulitchi ndiye amamuwononga zedi, choncho muzivula pochapa.

Kuyeretsa kwake sikuvuta. Yalani foyilo wa aluminiyamu m'mbale, thirani madzi otentha ndi soda, yemweyu timaphikira therereyu, mphete ikhudze foyiloyo kwa mphindi zingapo. Koma ikakhala ya mwala kapena ngale, ingopukutani ndi kansalu kofewa.

Chidindo chokha musachikhulupirire kwambiri, aliyense angathe kudinda 925. Yesani ndi maginito, siliva sakokedwa. Mukaona EPNS, n'chitsulo chongokutidwa siliva pamwamba. Ya ku Britain yang'anani kachidindo ka mkango kosonyeza sterling silver, ndipo ka nangula kamasonyeza kuti inayesedwa mumzinda wa Birmingham.