Mayunitsi akuthera panjira, petulo nayenso sakhalitsa

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a pa boma ku Mchinji. Akuti mayunitsi a magetsi sakumafika ndi pa 20 pomwe, bambo a kunyumba akumakalipira ana kuti amatchaja mafoni usiku onse, ndiye ka Sienta kawonso kakumamwa petulo koopsa akamapita ku Lilongwe. Akufunsa kuti atani.

Mayi, anawo muwasiye kaye, alibe mlandu. Pa yuniti imodzi foni mutha kuitchaja ka 40 osavuta. Yuniti ndi chinthu cha mawati 1000 chikayaka ola limodzi, basi, ndiye chomwe chimakudyerani mayunitsi ndi chilichonse chotentha, hotipuleti, giza, ketulo, simbi. Tengani nyemba zija timaziika pa hotipuleti ya mawati 1500 nkupita kukacheza kwa aneba, maola atatu zikubwata, pamenepo atha kupita mpaka mayunitsi 4 ndi theka, ndiwo za tsiku limodzi. Zinyikeni m'madzi usiku, m'mawa zimapsa msanga, ndipo poto azikhala ovundikira, zikabwata nkuchepetsa moto. Ine kwathu nyemba ndi nkhani ya pa chitetezo mbaula, tinkhuni tiwiri titatu kapena zitsononkho, Mchinji muno zitsononkho zingasowe ngati? Hotipuleti ndi ya tiyi ndi mazira.

Giza ngati ilipo ndiye bwana wa zonse, zambiri zimakhala mawati 2000 kapena 3000. Yatsani ola limodzi musanasambe muzimitse, osati kuisiya tsiku lonse ikutenthetsa madzi oti palibe akusamba. Mwezi wotentha ngati wa Okutobala chidebe chakuda padzuwa chimagwira ntchito yomweyo ulele. Kusita muzisita kamodzi zovala za sabata yonse, osati shati imodzi m'mawa uliwonse. Mababu akale a mawati 60 aja chotsani muike a LED a mawati 9, kuwala ndi komweko. Filiji isagunde khoma ndipo musalowetse nsima kapena ndiwo zotentha.

Tsopano ku galimoto, apa ndilankhula ndi bambo. Mchinji kufika Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110, pa 80 kapena 90 mufika bwinobwino, koma mukamapondera 120 mphepo imakankha galimoto mwamphamvu ndipo mafuta amapita ambiri, zonsezo kuti mufike mphindi 20 msanga, nkukaimanso pa rodibuloko. Mukaona hampu kapena msika ngati pa Namitete chotsani phazi patali galimoto ichepetse yokha, kusiyana ndi kuthamanga nkudzaponda buleki pafupi kenako kuyambiranso.

Matayala muziyezetsa mpweya pa filling mwezi uliwonse, nambala yake imalembedwa pa kastika ka pachitseko cha dalaivala. Mu buti chotsanimo matumba a feteleza ndi zitsulo zomwe zakhalamo chiyambire mvula yatha. Mukaima pa mzere wa mafuta kapena mukudikira mayi mu msika, injini zimitsani, ndipo zoitenthetsa mphindi 10 m'mawa zinali za magalimoto akale, izi mumangoliza nkunyamuka pang'onopang'ono.

Pali ina yomwe anyamata a mataxi amaikonda, yoika mu nyutulo potsetsereka ati kupulumutsa mafuta. Galimoto za masiku ano zikamatsetsereka zili mu giya phazi mutachotsa, kompyuta yake imadula yokha mafuta, pomwe mu nyutulo injini imamwabe, komanso mabuleki okha ndi amene akugwira galimoto, ngozi imeneyo.

Mayi, chitani izi, lembani nambala ya pa mita usiku uno, mawa nthawi yomweyo mulembenso. Mkucha giza isayake, nyemba zipite pa mbaula, mulembenso. Manambala atatuwo munditumizire.