Funsani Tikuyankheni: Moyo wa Amalinyero pa Ulendo Wautali wa Panyanja

Funso: Akonzi, mwana wanga wamwamuna wazaka 26 wapeza mwayi wokwera bwato la matanga limene lidzawoloka nyanja ya Atlantic kumapeto kwa chaka, kuchokera ku Las Palmas, pa zilumba za Canary, kukafika ku Saint Lucia, chilumba cha ku Caribbean. M'bwatomo mudzakhala anthu asanu ndi mmodzi, ndipo palibe amene akudziwana naye kupatula mwini bwato, amene angolankhulana naye pa foni kawiri. Za namondwe sindikuda nazo nkhawa kwenikweni, chifukwa wandifotokozera zida zodzitetezera zimene atenga. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti mwanayu ndi wa mtima wapachala. Kodi anthu osadziwana amakhalitsana bwanji masabata atatu m'malo opanikizika chonchi, popanda kothawira wina akakulakwira?

*Mayi wodera nkhawa*

Yankho: Mayi, mwaloza penipeni pamene pagona nkhani, pakuti anthu amene anayendapo maulendo otere akamasimba zimene zinawavuta, satchula mafunde kawirikawiri monga mmene amatchulira anzawo. Njira imene mwana wanu adzadutse ndi yodziwika bwino. Ndi mamailosi apanyanja pafupifupi 2,700, amene ndi makilomita pafupifupi 5,000, ndipo mabwato ambiri amanyamuka kumapeto kwa November, nyengo ya mikuntho ikamatha, kuti akankhidwe ndi mphepo yokhazikika yochokera kumpoto chakum'mawa. Ulendo wa mabwato ambiri oyendera limodzi wotchedwa ARC, umene unayamba mu 1986, umanyamukira ku Las Palmas komweko chaka ndi chaka, ndipo bwato wamba limatenga masiku 18 mpaka 21.

Kuti mumvetse mmene anthu amakhalira mmenemo, yambani ndi mfundo yakuti bwato siliima usiku. Pakati pa nyanja palibe poponya nangula, ndipo malamulo opewera ngozi zapanyanja amene mayiko anagwirizana mu 1972 amanena kuti chombo chilichonse chizikhala ndi munthu woyang'ana ndi kumvetsera nthawi zonse. Chifukwa chake n'chomveka: sitima yaikulu yonyamula katundu, yothamanga mamailosi 20 pa ola, ikhoza kuonekera kumalekezero a maso n'kukufikani theka la ola lisanathe. Choncho amalinyero amasinthana ulonda usana ndi usiku. Kale mwambo unali wa maola anayi pa ntchito, maola anayi opuma, ndipo ulonda wa kuyambira 4 koloko madzulo mpaka 8 koloko usiku ankaugawa pawiri, n'cholinga chakuti anthu omwewo asamagwere ulonda wa pakati pa usiku tsiku lililonse. Masiku ano anthu asanu ndi mmodzi nthawi zambiri amagawana awiriawiri, gulu lililonse n'kulondera maola atatu kenako n'kupuma asanu ndi limodzi.

Ubale wa m'bwato umabadwira mu ulonda umenewu, osati m'kucheza kwa masana. Munthu akatsikira m'chipinda kukagona, amakhala atasiya moyo wake m'manja mwa mnzake amene watsala pamwamba mumdima, ndipo amagona chifukwa akukhulupirira kuti mnzakeyo sasinza, wamanga lamba wake ku chingwe cha chitetezo, ndiponso amudzutsa mtambo wakuda ukayandikira m'malo molimbana ndi matanga yekha pofuna kuoneka katswiri. Chikhulupiriro chotere sichidalira kuti anthuwo amakondana kapena amagwirizana maganizo. Chimakula ndi tizinthu tating'onoting'ono timene timabwerezedwa usiku uliwonse: kufika pamalo a ulonda mphindi zisanu nthawi isanakwane, utavala kale, kuteleka ketulo kuti amene akudzuka apeze tiyi wotentha, kudzutsa mnzako pomugwira phewa mofatsa, osamuwalitsa tochi kumaso, kugwiritsa ntchito nyali yofiira yokha, popeza maso amatenga mphindi 20 kapena kuposerapo kuti azolowerenso mdima. Amene amachedwa ndi mphindi khumi usiku uliwonse amaona ngati ndi nkhani yochepa, koma kwa mnzake amene wanyowa ndipo wakhala akuwerenga mphindi kuti akagone, ameneyo ndi wakuba tulo, ndipo pa sabata yachiwiri mlandu wake umakhala utakula.

Mikangano yambiri imayambira pa zinthu zochititsa manyazi kuzitchula mukafika kumtunda. Wina wasiya kapu yosatsuka, wina waponya thaulo lonyowa pabedi la mnzake, wina watsegula mpopi wa madzi abwino nthawi yaitali pamene madziwo ndi owerengeka, wina watseka chimbudzi chopopa ndi dzanja chifukwa choponyamo zosayenera, wina wadya yekha chokoleti chimene onse ankachisungira tsiku lofika pakati pa ulendo. Pansi pa zonsezi pamakhala kutopa. Munthu wogona modukizadukiza m'bedi lopendekeka, lokhala ndi nsalu yomutchinga kuti asagwe, sakhala ndi mtima umene amakhala nawo kunyumba. Masiku awiri kapena atatu oyambirira ambiri amavutika ndi nseru ndi chizungulire, ndipo m'masiku amenewo anthu sakangana, amangomverana chisoni. Amene amagwirira mnzake ndowa akusanza, n'kumulonderera osawerengera, amakhala atasunga chuma chimene adzachigwiritse ntchito m'tsogolo. Chodabwitsa n'chakuti namondwe amagwirizanitsa anthu, chifukwa aliyense amakhala ndi chochita. Chimene chimawagawanitsa ndi bata, pamene mphepo yatheratu, matanga akungomenyetseka uku ndi uku, dzuwa likuswa mtengo, ndipo tsiku lofika likungosunthira kutsogolo.

Komabe musaganize kuti anthu akatsekeredwa pamodzi mapeto ake ndi ndewu basi. Mu 1973 katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, Santiago Genovés, anakweza anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana pa chombo chongoyandama chotchedwa Acali, onse pamodzi ndi iye anthu 11, n'kuyenda masiku 101 kuchokera ku Las Palmas komweko mpaka ku Mexico. Iye ankayembekezera kuona mikangano ndi chiwawa kuti aphunzirepo gwero lake. Anthuwo anagwirizana, ndipo munthu amene anatopa naye kwambiri anali mwini kafukufukuyo chifukwa cha khalidwe lake lokonda kuwaputa.

Za mwana wanu, mtima wapachala pawokha si umene umawononga ulendo. Munthu amene amapsa mtima, n'kupepesa ulonda usanathe, amakhalika naye. Wovuta kwambiri ndi amene amasunga chakukhosi masiku khumi, osalankhula, n'kumangomenyetsa zitseko. Muuzeni kuti ayesetse kuyenda ndi anthuwo ulendo waufupi wa masiku awiri kapena atatu asananyamuke, ndiponso kuti afunsiretu za kagawidwe ka ndalama zogulira chakudya, za mowa, za fodya ndi za amene ali ndi mawu omaliza, chifukwa zimenezi zikakambidwa padoko sizipweteka. Muuzeninso kuti azigona nthawi iliyonse imene wapatsidwa, ngakhale masana kukoma bwanji, ndipo akamva mkwiyo ukukwera adzifunse kaye ngati wadya ndi kugona. Walira mvula walira matope: wasankha nyenyezi za pakati pa nyanja, ndiye avomerenso mkonono wa mnzake wogona mita imodzi kuchokera pamutu pake.

Funso: Ndimamva kuti m'chombo mawu a kaputeni ndi lamulo. Kodi ubale weniweni ungakhalepo bwanji pamene munthu mmodzi ndiye amalamula ena onse?

*Mphunzitsi wopuma pantchito*

Yankho: Bambo, n'zoona kuti pa nkhani za chitetezo mawu omaliza amakhala a munthu mmodzi, ndipo amalinyero anzeru ndi amene amafuna kuti zikhale choncho. Mphepo ikakula mwadzidzidzi 3 koloko usiku, palibe nthawi yoti anthu aponye voti ngati achepetse thanga kapena ayi. Funso lenileni ndi lakuti kaputeniyo amagwiritsa ntchito bwanji mphamvu zake nyanja ikakhala pa mtendere, ndipo mbiri yatisungira anthu awiri oyenera kuwayerekeza.

William Bligh, kaputeni wa sitima ya Bounty, analandidwa chombo ndi ena mwa amalinyero ake pa 28 April 1789, motsogoleredwa ndi Fletcher Christian. Akatswiri a mbiri amanena kuti Bligh sankakwapula anthu kuposa akaputeni ena a nthawi yake. Chimene chinkapweteka chinali lilime lake, chifukwa ankanyoza akuluakulu a m'sitimamo pamaso pa anthu awo, ndipo dzulo lake la tsikulo anali atanena Christian kuti waba kokonati. Koma Bligh yemweyo, atatayidwa panyanja pamodzi ndi anthu 18 m'kabwato ka mamita 7, anawatsogolera masiku 47 pa mtunda wa makilomita oposa 6,000 mpaka kukafika pa chilumba cha Timor. M'kabwatomo ankayeza buledi pa sikelo yopangidwa ndi zikamba za kokonati kuti wina asadye moposa mnzake, ndipo akagwira mbalame ankatsata mwambo wakale wa amalinyero: mmodzi ankatembenukira kumbali, wina n'kuloza nthuli ndi kufunsa kuti imeneyi ndi ya ndani, wotembenukayo n'kutchula dzina asakuona. Munthu ameneyu ankadziwa chilungamo pa nthawi ya tsoka, koma ulemu wa tsiku ndi tsiku unkamuvuta.

Ernest Shackleton, amene ankatsogolera maulendo ofufuza ku Antarctica, anali wa mtundu wina. Mu 1916, sitima yake ya Endurance itaphwanyidwa ndi madzi oundana, ananyamuka pa chilumba cha Elephant ndi anzake asanu m'kabwato kotchedwa James Caird, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,300 kupita ku chilumba cha South Georgia kukapempha thandizo. Pakati pa amene anawasankha panali Harry McNish ndi John Vincent, anthu amene anali atavutapo m'mbuyomo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti ankafuna kukhala nawo pafupi m'malo mowasiya kuti akasokoneze otsala. Akaona kuti mmodzi wazizidwa kwambiri, ankalamula kuti onse apatsidwe chakumwa chotentha, kuti wofookayo athandizike popanda kulozedwa chala. Kwa ine kachitidwe kameneka ndi kamene kamasiyanitsa kaputeni amene anthu amangomumvera ndi amene anthu amafuna kuyenda nayenso. Anthu onse 22 amene anatsala pa chilumba cha Elephant anapulumutsidwa mu August chaka chomwecho.

Funso: Kodi n'zoona kuti amene akuwoloka ikweta koyamba amachitidwa mwambo wapadera?

*Wophunzira wa sekondale*

Yankho: N'zoona, mwanawe. Mmodzi mwa amene anawolokapo kale amavala ngati Neptune, mulungu wa nyanja m'nthano za Aroma, n'kuzenga milandu yoseketsa anzake atsopanowo, ndipo chilango chimakhala kuthiridwa madzi a m'nyanja, kupakidwa zotsala za chakudya kapena kumetedwa pang'ono. Kale m'sitima zina mwambowu unkafika pa nkhanza, koma m'mabwato amasiku ano ndi sewero chabe. Phindu lake n'losavuta kuliona mukakumbukira kuti chigawo cha ikweta ndi chimene chimakonda kukhala ndi bata lotopetsa lija, pamene anthu amasowa chowaseketsa.

Funso: Pa ntchito zonse za m'bwato, ndi iti imene imapatsa munthu ulemu kwa anzake? Ndipo kodi ubale umenewu umapitirira ulendo ukatha?

*Wokonda nkhani za maulendo*

Yankho: Ambiri amaganiza kuti ndi kugwira chiwongolero pa mafunde aakulu kapena kukwera pamwamba pa mlongoti, koma amene anayendapo amatchula kuphika. Kuphikira anthu ambiri pa chitofu chogwedezeka, m'kakhitchini kotentha kamene pansi pake papendekeka, uku mphika utamangidwa kuti usagwe, ndi ntchito imene imagonjetsa ngakhale amene nseru inawaleka kale. Pa mpikisano wozungulira dziko wa Clipper, umene katswiri wa zapanyanja wa ku Britain, Robin Knox-Johnston, anauyambitsa mu 1996 kuti anthu wamba azitha kuchita nawo, amalinyero amasinthana ntchitoyi: awiri amachotsedwa pa ulonda kwa tsiku lathunthu kuti aphikire ndi kusamalira anzawo onse, ndipo palibe amene amaizemba, kaya kumtunda ndi dokotala kapena mkulu wa kampani. Fungo la buledi wophikidwa m'mawa pambuyo pa usiku woipa limakonza zinthu zimene msonkhano sukanakonza.

Za ubale, yankho lake ndi losakanikira. Ulonda wa usiku umamasula pakamwa, mwina chifukwa anthu awiriwo sayang'anana kumaso, onse amayang'ana kutsogolo mumdima, ndipo munthu amapezeka akuuza mnzake wa masabata awiri nkhani za banja, za maliro ndi za mantha zimene sanauzepo m'bale wake. Ena ubale umenewu amausunga moyo wonse, n'kumaitanirana maulendo ena. Ena ambiri amalemberana miyezi ingapo, kenako n'kuzilala, ndipo sindiona cholakwika pamenepo, chifukwa chimene chinawamanga chinali ntchito imene inatha. Nthawi zambiri mtunda umayamba kumveka fungo usanaoneke, fungo la dothi ndi zomera, ndipo onse amatuluka pamwamba ngakhale amene si nthawi yawo ya ulonda. Akamanga zingwe padoko, miyendo imadzandira ngati ya oledzera chifukwa thupi likuyembekezerabe mafunde, amadya limodzi chakudya chimene sanaphike okha, ndipo pakangopita masiku awiri kapena atatu aliyense amakhala atakwera ndege yake. Ambiri amasimba kuti usiku woyamba kugona pabedi losagwedezeka amadzidzimuka 3 koloko, n'kuyamba kufufuza nsapato mumdima kuti akalandire mnzawo ulonda.